Matabwa a Mayi Ellen

Lolemba, 3 November

Kasitomala watsopano ku Clondalkin. Mayi Ellen, zaka 83, amakhala okha. Manja onjenjemera, pakamwa pokha ndiye polimba. Ntchito yanga: kuwasambitsa, mankhwala, tiyi. Kukhitchini kuli chithunzi cha ku Japan. Mzimayi pamvula, theka la thupi lili kunja kwa pepala. Kwinako mizere ya mvula basi. Ndafunsa ngati wojambulayo inki inamuthera. Sanaseke.

Lachinayi, 6 November

Akuti chithunzi chija si cha burashi ayi. Umasema thabwa, kulipaka utoto, kuyalapo pepala, n'kumalikhutiza ndi dzanja. Mtundu uliwonse thabwa lake. Iwo anakaphunzira ku Japan ali mtsikana, ndipo ndiyo yakhala ntchito yawo moyo wonse. "Ndisanapite kumeneko ndinkadzaza pepala lonse, ngati wina andilanda."

Ndachiyang'ananso podikira ketulo. Mzimayiyu wanyowadi. Mvula imeneyi ndikuidziwa, ndi ya pasiteji ya basi.

Lachiwiri, 11 November

Andiuza ndisolole matabwa atatu kunsi kwa bedi. Onse ndi a chithunzi chimodzi: ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo, mlatho, ndi mbalame ya miyendo italiitali. Anasema kale, sitiroko inawapeza asanadinde. Akufuna manja anga. Mu care plan, pepala la ntchito zanga, mulibe zimenezi. Ndavomera.

Lachisanu, 14 November

Mapepala onse aonongeka. Mbalame uku, miyendo yake uko. "Scholastica, ukukhutiza ngati ukuchapa jinzi." Zikhadabo zonse buluu. Prudence, amene ndimakhala naye, akufunsa ngati ndasintha ntchito osamuuza.

Lolemba, 24 November

Mayi anagwa kubafa Loweruka, ine kulibe. Mwana wawo, a Gerard, abwera kuchokera ku Cork. Malo apezeka ku nursing home, kosungirako okalamba, akusamuka Lachisanu.

Atipeza patebulo, phala la mpunga losakaniza ndi utoto paliponse. Anena mwaulemu kuti amalipirira chisamaliro, osati kalasi ya zojambula. Sakunama. Kenako aima nthawi yaitali, maso pa mbalame yopanda miyendo. Akuti ali mwana ankagona akumva phokoso la kukhutizaku. Apita kugalimoto kukatenga chinthu, abwerako chimanjamanja, maso ofiira.

Lachisanu, 28 November

Tsiku lomaliza. Mayi sanatsanzike. Angoti matabwa nditenge, kuchipinda chatsopanoko kulibe malo. Chithunzi cha ku Japan apita nacho. Pakhoma patsala msomali.

Matabwa ndakwera nawo basi, pamiyendo. Ndi olemera. Misozi pang'ono. Mayi wina wandipatsa tishu, ndamuuza kuti ndi chimfine.

Lachitatu, 3 December

Kasitomala wina ku Ongar. Bambo abwinobwino, amangoonera mpira. Ndikaweruka ndikumadinda patebulo la kukhitchini. Prudence akudyera pasofa, sakuyankhulanso.

Lamulungu, 14 December

Pepala limodzi latuluka bwino. Miyendo ili pa mbalame, madzi akuoneka ozizira. Titatuluka Misa ndapita nalo ku nursing home.

Mayi Ellen aonda. Sanandizindikire. Anditcha nesi, andifunsa ngati chakudya chapsa. Ndangowaikira pepala pamiyendo. Aliyang'ana, alitembenuza, alisisita kumbuyo ndi chala chachikulu, dzanja lili gwedegwede.

"Wadinda ameneyu ndani? Wakanikiza kwambiri kumanzere. Ukamuuze achitenso."

Ndati ndikamuuza.