Mluzu wa Pansi pa Boneti

Lolemba, 10 Juni

Manifolodi yatsopano yalowa mu injini ya pikapu. Yonyezimira ngati sefuliya yosaphikirapo. Yakale ya Bambo ija inang'aluka pakona, ndiye a Ndakonza, makaniko wa kuseri kwa msika, ati tisavutike kusaka yeniyeni, tiikepo iyi ya kampani ina. Akuti imalowetsa mpweya wambiri, pikapu izikwera chitunda cha kusukulu ngati mbuzi. Dzina limenelo anawapatsa ndi makasitomala, poti usanamalize kufotokoza vuto iwo ayankha kale kuti ndakonza.

Pobwerera mphamvu ndaimva ndithu, sindinama. Koma ndikaima pa maloboti, pansi pa boneti pakumveka kamluzu. Fi, fi, fiii. Ndikaponda moto kamasiya. Wapolisi wa pamphambano wandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatayala, akuyesa ndikumuimbira ineyo. Mayi wamkulu ngati ine.

Amayi lero: tiyi theka la kapu. Buledi sanakhudze. Miyezi inayi chimwalirire Bambo, ali m'chipinda momwemo, katani yotseka. Ndikalowa amangoti, "Wabwera?" Basi. Mikono yawo yatsala mafupa ndipo ndikuopa.

Lachiwiri, 11 Juni

M'mawa ndaliza galimoto pabwalo kuti itenthe, ndabwerera m'nyumba kukatenga botolo la madzi. Potuluka ndapeza Amayi ali chiimire pakhonde.

"Akuimba mluzuyo ndani?"

Ndati ndi galimoto, Amayi. Atsika masitepe atagwira khoma, atsegula chitseko, akhala pampando wawo wa pambali pa dalaivala.

Ndipamene ndinamvetsera bwino. Kawiri kafupi, kamodzi kautali. Umu ndi momwe Bambo ankaimbira akafika pageti madzulo kuti tiwatsegulire. Dzulo lonse ndayenda nawo mluzuwu osazindikira, maganizo ali pa wapolisi.

Akhala mmenemo mphindi makumi anayi, injini ikulira. Simenti imene ndimatutira sukulu ikumangidwa pachitunda ija ndanyamula mochedwa, a kapitawo andilankhula zambiri, sindinamve ngakhale chimodzi. Chifukwa potsika Amayi anati, "Buledi uja alipo?" Adya magawo atatu, ndawerenga. Ndinakabisala kukhitchini n'kulira ngati chitsiru.

Lachitatu, 12 Juni

Yazima kanayi. Ikaima imanjenjemera ngati ili ndi malungo, muvi wa kutentha wadutsa pakati. Agalu awiri anditsatira kuchokera kumsika mpaka kugalaja.

A Ndakonza anatenga madzi a sopo m'botolo n'kumathira mozungulira manifolodi. Atafika pakati, thovu linayamwidwa kulowa mkati, mluzu n'kusanduka chifuwa. "Ikuba mpweya, achemwali. Gasiketi sinakhale bwino." Anachotsa pulagi imodzi n'kundionetsa, nsonga yake yoyera ngati phulusa. Akuti injini ikudya mpweya wambiri, petulo wochepa, ndiye ikupsa m'kati. Ndikapitiriza choncho, sabata imodzi kapena ziwiri, mavalavu apsa, galimoto tiiwale.

"Koma ndakonza. Mphindi khumi."

Ndinawagwira dzanja. Ndinati musakonze.

Akuti zaka makumi awiri ali pantchitoyi, anthu awauzapo kuti konzani msanga, konzani bwino, konzaninso, koma musakonze ayi. Ndinawafotokozera za Amayi. Anavula chipewa. Anayang'ana injini n'kunena motsitsa, "Pepani bambo, ndakuthirani sopo." Boneti anatseka ndi manja awiri, osamenyetsa monga amachitira.

Tsopano amisala tilipo awiri.

Lachinayi, 13 Juni

Nkhani yafika kwa Azakhali, mlongo wawo wa Bambo. Wawauza ndani sindikudziwa, mwina agalu aja. Afika mamawa ndi anzawo awiri, aliyense ndi mpando wake wapulasitiki. Andifunsa kuti manifolodi n'chiyani. Ndati ndi kholingo la galimoto, mpweya ndi petulo zimadutsa mmenemo popita mu injini. Ati, "Kholingo? Ndiye ukukaniranji?"

Akhala mozungulira boneti ngati pa msonkhano wa makolo. Azakhali akonza kukhosi.

"Achimwene, kiyi wa sutikesi yabuluu ija munaika kuti?"

Fi, fi, fiii.

"Akuti pansi pa matiresi."

Tinakafufuza. Tapeza sokosi imodzi ndi chipeso. Azakhali ati sitinafunse bwino. Mnzawo wina wapempha kuti afunseko za mwamuna wake amene anamwalira chaka chatha, ngati akuonana kumeneko. Apo ndinapsa mtima. Ndati Azakhali, iyi ndi gasiketi, kapepala kolimba kotseka mpata, sinakhale bwino basi. Iwo osatekeseka: "Ndiye kapepala kakoko nyimbo ya achimwene kanaiphunzira kuti?"

Petulo watsika kota ya thanki, galimoto osasuntha ngakhale phazi limodzi.

Amayi sanafunse kanthu. Angokhala pampando wawo, mbale pamiyendo, adya mpunga ndi dzira n'kumaliza. Lero asamba okha osawakakamiza, avala diresi la maluwa lija. Ndikawayang'ana ndikuti mavalavu apse, apse. Ndikayang'ana galimoto ndikuti nanga ikafa, mluzuwo uchokera kuti?

Lachisanu, 14 Juni

Yawira pachitunda, matumba makumi awiri ali kumbuyo. Nthunzi kuti tolotolo. Ndinakhala pamwala ola lathunthu kudikira kuti izizire. A kapitawo anatsika wapansi kudzandiona. Ati Lolemba zikakhala zomwezi apeza galimoto ina, iwo akumanga sukulu, sakusamala odwala. Mphamvu ndinaifuna ndekha. Walira mvula walira matope.

Kugalaja a Nd. anali ndi nzeru, ndipo nkhope yawo ikawala choncho ndimayenera kuthawa. Akuti timate mpatawo ndi silikoni injini ichire, kenako mluzu tiupeze kwina. "Mluzu ndi mluzu, achemwali."

Amata. Zii. Injini inalira bwino koyamba chiikireni chitsulo chimenechi. Kenako anatulutsa wezulo m'thumba, n'kuimangirira ndi waya kukamwa kwa ekizozi. Nditaliza, anthu amene ankasewera mpira pabwalo la kuseri anaima onse. Wina anatola mpira n'kukauika pa penate, anzake n'kuyamba kukangana. Mwamwayi wezulo inasungunuka ndewu isanayambe.

A Nd. sanafooke. Anathamangira kwawo, n'kubwera ndi kachivundikiro ka ketulo ya akazi awo, kaja kamalira madzi akawira. Kachitsulo, sikasungunuka, ndiye anakamangirira pa ekizozi pomwepo. Kulira kwake kosalala ndithu. Anapendeketsa mutu n'kumvetsera. "Ngati si bambo anuwo, ndi m'bale wawo."

Mtima sukundikhala, koma muvi wa kutentha wabwerera pamalo pake.

Loweruka, 15 Juni

Ndaliza m'mawa. Amayi atuluka ndi diresi lomwe lija, aima pakhonde. Amvetsera.

"Madzi awira," anatero. Anatembenuka n'kulowa. Ndinamva katani ikukokedwa.

Tiyi wabwerera osalawa.

Ndinafika kugalaja ndisanapese ndi tsitsi lomwe. Ndati a Ndakonza, chotsani silikoni wanuyo, mubwezeretse vuto lija momwe linalili. Anapala ndi mpeni. Mluzu unabwera, koma wina. Wautali, umodzi, ngati mabuleki a basi.

Masana onse tinathera pamenepo. Iwo sipanala m'manja, akumasula bawuti iyi pang'ono, akumanga iyo pang'ono, ine nditaima pambali ndikuimba mluzu wa Bambo kuti atsatire. Makasitomala ena anakhala pamatayala kuonerera. Tinapeza kadzidzi. Tinapeza khoswe wopanidwa ndi chitseko. Nthawi ina zinatsala pang'ono, kawiri kafupi kanamveka, koma kautali kanatha ngati munthu wogeya. Mkulu wina wa minibasi anati tiyese bawuti yachinayi, agogo ake ankaimba motero. Akazi a a Nd. anabwera kudzatenga kachivundikiro kawo, anakanunkhiza, sanalankhule kanthu, ndipo amuna awo anachita mantha kuposa akanalankhula.

Dzuwa likupendeka a Nd. anakhala pansi, thukuta kamukamu. "Achemwali, kukonza n'kosavuta. Kuononga momwe unaonongera poyamba ndiye ntchito." Sanati ndakonza. Aka n'koyamba.

Ndabwera nayo ikulira ngati nkhumba. Ndinazimitsa ndili kumsewu, n'kuikankha ndekha kulowa pageti kuti Amayi asamve.

Lamulungu, 16 Juni

Amayi sanadye. Sanasambe. Galimoto sindinailize.

Azakhali pafoni: "Mwawathamangitsa achimwene anga ndi ketulo." Ndinadula. Ndidzapepesa tsiku lina.

Ndadzida lero. Amayi ndinali nawo m'manja, ndinawasinthanitsa ndi muvi wa pa dashibodi.

Lolemba, 17 Juni

Ndinadzuka kukucha. Ndinati simenti idikire, a kapitawo apeze galimoto inayo. Ndinatulutsa bokosi la masipanala la Bambo, n'kutsegula boneti, n'kuliza. Nkhumba ija. Ndinayamba kupotokola mabawuti ndekha, uku ndikuimba mluzu, koma sunkatuluka bwino.

"Anayambira kumapeto eti?"

Ndinadzimenyetsa mutu kuboneti. Amayi ali kumbuyo kwanga, opanda nsapato, bulangete pamapewa.

Ndati ndani, Amayi?

"Makaniko wakoyo. Anamanga kuchokera uku mpaka uko, ngati akumanga mabatani a shati. Taona pakatipa, padzuka. Manifolodi umayambira pakati n'kumatuluka, iyi, iyo, iyi, iyo, pang'onopang'ono, maulendo atatu. Zimitsa."

Ndinazimitsa. Ndinafunsa kuti zimenezi mwazidziwira kuti.

"Zaka makumi atatu ndaima pamene waimapo, bambo ako akutukwana. Manja awo anali aakulu, sankalowa pansi pa kabureta. Theka la mabawuti a galimoto iyi ndinamanga ndine."

Ine ndinkayesa ankangowatengera tiyi.

Anandipatsa bulangete kuti ndigwire. Anandimasulitsa mabawuti onse, tinanyamula chitsulocho, anapala zotsala za silikoni ndi chikhadabo akutsonya. Gasiketi inali yong'ambika. Pansi pa bokosi la Bambo anasolola pepala la gasiketi, analigoneka pa manifolodi n'kuligogoda ndi kahamala m'mphepete mpaka inatuluka yatsopano, mabowo onse pamalo pake.

Ndinalimba mtima. "Ndiye mumadziwa kuti ndi gasiketi?"

"Kuyambira Lachiwiri. Ndine wofedwa, mwana wanga, sindine wamisala."

"Nanga Azakhali aja munangowasiya?"

"Nawonso ndi wofedwa."

Ndati nanga bwanji munkakhala mmenemo tsiku ndi tsiku?

Sanandiyang'ane. Ankalowetsa bawuti ya pakati ndi zala. "Mluzuwo unkafanana ndi wawo," anatero.

Anamanga ulendo woyamba, pakati kupita kunja. Wachiwiri. Wachitatu ati liza, ndikufuna ndizimva. Ndinaliza. Kanali kulira kofooka, kopanda mutu. Anamanga iyi, anamanga iyo, kulirako kukusintha. Atafika pa bawuti yomaliza anapotokola theka, ndiye mluzu unangobwera wokha.

Fi, fi, fiii.

Weniweni. Zimene ine ndi a Nd. tinasaka tsiku lathunthu. Dzanja la Amayi linaima pa sipanala.

Ndinanong'ona. "Tisiye pomwepo, Amayi."

"Mavalavu apsa."

"Apse."

Anaima choweramira injini, maso otseka, mphepo ya fani ikukupiza mpango wawo. Unalira kachiwiri. Kachitatu. Ine bulangete m'manja, misozi ikulowa m'kamwa. Milomo yawo inagwedera, koma zimene ananena sizinali zanga, sindinamve ndipo sindifunsa.

Kenako anakoka sipanala. Mluzu unawonda, unawonda, unatha. Panatsala injini yokha, ikulira mosalala.

Ndinadikira kuti andilande bulangete alowe m'nyumba. Anapukuta sipanala pa diresi, anaibwezera m'bokosi pamalo pake, anatseka boneti ndi dzanja limodzi.

"Kanditengere nsapato," anatero. "Ndikufuna ndikaimve pachitunda."