Nyimbo ya Mayi Yatuluka m'Laputopu Yakugwa Ija

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kutali komweko. Kuno tadzuka tonse, ndipo ndikulemba kalatayi ndi chimwemwe.

Laputopu munanditumizira ija inandipulumuka m'manja n'kugwa pasimenti. Nditaiyatsa inkangolira kuti the-the-the ngati wotchi. Alamu anu anaimenya mbama monga amachitira ndi wailesi yawo, ati idzidzimuke! Wokonza makompyuta atamva zimenezi anagwira pakamwa. Anati hadi disiki, momwe mumasungidwa zinthu zonse, yakalika mkati, ndipo tikanaiyatsanso, zonse zikanapita.

Achemwali, dzulo wokonza uja anandiitana! Zithunzi zambiri zatayika, koma vidiyo ija malemu mayi akuimba nyimbo yogonetsa mwana wanu yatuluka yonse, ngakhale kutsokomola kwawo kwa pakati paja. Ndinalira m'shopu momwemo, anthu akundiyang'ana, ine osasamala.

Musandikalipire za kugwetsako. Masiku ano m'mawa ndimamva chizungulire, ndipo fungo la sopo likundinyansa. Sindinauze aliyense, ngakhale alamu anu. Mukudziwa mmene pathupi panga panathera ulendo watha uja. Koma nyimbo ija ndayamba kuiphunzira.

Ndine mng'ono wanu,
Mzime wa mayi