Kokonati wa Amalume a Makisoni

20 Sepitembala 1992
Tizipatso tina tagwanso mumtengo wa kokonati, tating'ono ngati mandimu. Amalume a Makisoni atola, ayang'ana, ataya. Akuti ndi ludzu. Mtengowu ndi wawo. Pothawa nkhondo kwawo ku Kilimane anzawo anasenza mabulangete, iwo chipatso chimodzi chophuka m'thumba. Anafika kuno mayi atangomwalira, tinadzala limodzi kuseri kwa nyumba. Kudikira zaka zonsezi, wayamba kubereka chaka cha chilala. Mtsinje wa Likangala mchenga wokhawokha. Kusikimu yothirira mpunga palibe.

23 Sepitembala
Pamjigo mzere mpaka kumsewu. Ndowa ina ya m'nyumba, ina ya mtengo. A Rhoda oyandikana nafe anandinena anthu akumva: "Ife ana tikuwasambitsira m'mbale, ena akumwetsa mtengo." Ndinasenza ndowa n'kunyamuka. Manyazi njira yonse. Tsopano ndikuthirira otsukira mbale basi. Patsinde ndaphimbira ndi udzu wouma kuti chinyezi chisathawe.

5 Okutobala
Pawayilesi akuti nkhondo ya ku Mozambiki yatha. Amalume sanadye. Kulowa m'nyumba, kutuluka, kulowanso. Kenako: "Sofiya, kwathu mitengo anatentha yonse. Chikakhwima chimodzi ndinyamula, ndikadzale pamanda a azakhali ako." Akunena akazi awo, anaikidwa komweko. Amuna anga a Lameki chipitireni ku Malombe kotsata nsomba, uthenga palibe. Awa akapitanso, ndizilankhula ndi ndani?

17 Okutobala
Masamba atsopano odukaduka ngati wina wadula ndi sizasi. Chikumbu chakuda cha nyanga pamphuno chaboola kunsonga. Amalume maondo sakulola. Ndakwera ine pamtondo wozondotsa, iwo akulangiza pansi. Waya wopinda, kulowetsa m'bowo, kukoka pang'onopang'ono. Chatuluka chikuphiriphitha. M'makhwapa mwa masamba ndathiramo mchenga kuti china chisalowe. Mikono yonse zilonda. Zipatso zatsala ziwiri.

2 Novembala
Kudoko la Kachulu kukagula mchere wothira patsinde. Amalume akuti mtengowu umafuna mchere ngati wa m'nyanja ya kwawo. Mabwato ali pamatope, madzi sakuoneka n'komwe. Achiyufi polowera mumsika, ine khadi la chipani ndaiwala kunyumba. Andibweza. Ndathira mchere wa kukhitchini. Ndiwo tadya zosakolera, palibe wadandaula.

14 Disembala
Mvula tsopano. Banja la a Medson, othawa nkhondo anzawo, lanyamuka dzulo wapansi kubwerera kwawo. Amalume anawaperekeza mpaka kumsewu. M'mawa uliwonse pansi pa mtengo, khosi m'mwamba. Maso awo achita khungu pang'ono, ndiye amandituma ine. Akuti chokhwima khungu limauma, ukachigwedeza madzi amalira mkati. Chosakhwima sichimera.

Ndikulima koma mtima suli kumunda.

9 Januwale 1993
Chimphepo chagwetsa chimodzi, chobiriwira. Anachisenda ndi chikwanje, kuboola, kundipatsa ndiyambe ine. Madzi ozizira, otsekemera pang'ono. Sindinalawepo chibadwire. Iwo anamwa atatsinzina. "Azakhali ako ankaphikira mpunga." Ndinapita kukatola nkhuni zomwe sindimazifuna.

Chatsala chimodzi.

21 Febuluwale
Ndakwera iwo ali kutchalitchi. Khungu lauma. Ndagwedeza, khuchukhuchu mkati. Ndinatsika, n'kuchisiya pomwepo. Pobwera afunsa: "Bwanji lero?" Ndati sichinakhwime. Angogwedeza mutu.

Ndi chifuwa chikuwatsokomoletsa usiku uliwonsechi akafika? Kwawoko akapeza ndani? Akuti m'njira muli mabomba okwirira. Ndikudziuza kuti ndikuwateteza.

26 Febuluwale
Afunsanso. Yankho lomwelo. Anapitiriza kupala mpini wa khasu. Kenako motsitsa: "Chokhwima chimagwa chokha, mwanawe. Maso ndilibe koma makutu ndili nawo. Usamavutike n'kukwera." Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Khasulo ndi langa. Akukonza zonse za pakhomo, chitseko, denga la nkhokwe, khola la nkhuku. Munthu wotsazika.

27 Febuluwale
Ndathyola ndekha. Chili pamiyendo pangapa, cholemera ngati mutu wa khanda. M'nkhokwe sangachipeze. A Rhoda atha kundisungira, ndinene kuti akuba. Koma manda a azakhaliwo ali poyera, opanda mthunzi.

Ndodo yawo ikumveka kumpanda. Akuitana dzina langa. Ndati ndikubwera, ndipo ndi...