Zala Ziwiri za Achimwene

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ife kuno tilipo, mvula yatsanzika bwino. Ndakhala pachitsa kuseri kwa shopu ya a Amidu kuno ku Nathenje, nthawi yopuma masana, ndipo ndikulemba ndi pensulo yolembera matabwa. Mukudziwa kuti pa zolemba dzanja langa ndi lolemera, ndiye mundipirire.

Ndiyambe ndi zokoma. Chimanga cha m'munda mwanu chacha, nkhokwe yadzaza mpaka china taunjika pakhonde. Nkhuku yanu yamawanga ija inaswa anapiye asanu ndi awiri, kabawi watenga awiri. Ndipo chitsirizira chanu Elube wachira sabata yathayi, mwana wamkazi, mphumi yotakata ngati yanu. Mchombo wagwa, Loweruka atuluka m'chikuta.

Apa ndiye pagona nkhani. Elube akufuna kuti mwanayo atenge dzina lanu, koma atsibweni akanitsitsa kwamtuwagalu. Akuti inu munapita mutakwiya, ndipo kupatsa khanda dzina la mzimu wokwiya n'kuliitanira matenda. Umboni wawo ndi dzanja la achimwene a Lufeyo. Kwathu ku Mitundu konse, pachitsime ndi pabwalo, anthu akuti ndinu munadula zala zija chifukwa tinakuikani m'bokosi pamene inu munkafuna mphasa. Amayi, inu amene munkatizula minga kumapazi mukupemerera kuti tisamve kuwawa, lero akukutchulani monong'ona. Zikundiwawa, chifukwa chilungamo chake ndikuchidziwa ndine ndekha.

Mukukumbukira macheka a injini amene a Amidu anabwera nawo kuchokera ku Halale chaka chimene tinayamba kumva za Chitaganya? Lamba wachitsulo wamano uja, wozungulira pa mawilo awiri, lina pamwamba lina pansi. Ine amene ndinakulira m'dzenje locheka matabwa ku Dzalanyama, utuchi ukundithira m'maso tsiku lonse, ndinaona ngati ndafika ku Ulaya. Inu munabwera kamodzi kokha kudzaona, mutasenza dengu la mtedza. Munaima pakhomo, osalowa, n'kunena kuti, "Chilombo chomeza mtengo osatafunachi, Tomasi, usadzachizolowere."

A Amidu anandiphunzitsa bwino, sindingawanamizire. Injini isanalire, lamba umamuyang'ana yense ngati alibe mng'alu. Ukamukunga, umazunguza wilo ndi dzanja kuti uone ngati akuyenda pakati. Chotchingira mano umachitsitsa mpaka chitsale pang'ono kukhudza thabwa. Malaya upinde, thabwa likamatha ukankhe ndi kamtengo, osati ndi chala, ndipo munthu asaime kudzanja lamanja chifukwa lamba akaduka amakwapula kumeneko. Koma lamulo limene ankalibwereza mpaka kutopetsa linali la khutu. "Ukangomva kuti tche, tche, tche, zimitsa. Makina amayamba alankhula asanalume."

Tsiku lija linali Lachisanu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, a Amidu atapita kumzikiti. Achimwene anatulukira pa njinga ali thukuta kamukamu, n'kungoti, "Amayi atisiya." Titalira, anandikumbutsa mawu anu aja akuti munabadwira pamphasa ndipo tidzakukulungeni m'mphasa. Ine ndinakana. Ndinati mwana wawo ndi kalipentala wodziwika, anthu adzati chiyani? Ndinkati ndikukulemekezani, koma kunena zoona anali matama. Ndinkafuna mudzi wonse uone bokosi la mlombwa wopala bwino.

Ndinaliza injini osayang'ana kanthu. Chotchingira chinali m'mwamba momwe tinachisiyira dzulo lake pocheka mitanda ikuluikulu, ine osachitsitsa. Achimwene, mlimi wa fodya amene sanagwirepo makina, ndinawaimika kumanja kuti azigwirizira thabwa. Tinacheka loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pa lachinayi ndinamva.

Ndinamva, amayi. Tche, tche, tche, bwinobwino ngati wotchi ya kumishoni. Mumtima ndinati latsala limodzi lokha, ndipo maliro sangadikire ndi kutentha kumeneku. Mawu anu aja akuti kuthamanga sikufika anandifikira, ine n'kukankhabe thabwa. Kenaka phwa! Lamba anaduka n'kutuluka ngati njoka. Achimwene sanakuwe, anangokhala pansi akuyang'ana dzanja lawo, zala ziwiri zili mu utuchi.

Lole ya chimanga inawatengera kuchipatala ku Lilongwe, ndipo manda anu anawaona atakwirira kale. Bokosi ndinalimaliza ndi sowo yamanja. Zalazo ndinazikulunga m'kansalu, chifukwa sindikanazisiyira agalu, n'kupita nazo kumudzi. Atsibweni ataziona anapukusa mutu nati, "Mwini wake watenga. Mpatseni zake apite nazo." Adzukulu anaziika m'bokosi pambali pa dzanja lanu. Ena ankandipepesa kuti chakudza sichiimba ng'oma, ine n'kumavomera, chonsecho ng'omayo inaimba ndipo ndinaimva. Chilungamo ndinachibisa tsiku limenelo, ndipo miyezi isanu ndi iwiri yatha ndisanauze munthu.

Achimwene akanakhala kuti amandida, mwina ndikanapepukidwa. Koma ayi, amanditumizira mbatata. Fodya chaka chino alephera kusoka, alamu ndi amene asoka okha mpaka zala kutupa. Mulungu wathawu ndinawapeza m'chigafa akusisita pamene panali zala paja. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse zimawayabwa, ndipo nthawi zina amamva ngati wina akuzifinya. "Ndi amayi, Tomasi. Sanandikhululukire. Ine ndine wamkulu, ndikanakuletsa za bokosi zija." Munthu wamkulu ndithu misozi ili chuchuchu, ine ndikuyang'ana nyerere pansi.

Nanenso mtendere ndilibe. Kaphokoso kaja ndimakamva masanasana injini itazima, ndimakamva ndikupalasa njinga pamsewu wa ku Dedza. Ndikacheka mlombwa, utomoni wake wofiira uja umandikumbutsa magazi a achimwene. Masiku ano ndimayang'ana lamba katatu, chotchingira ndimatsitsa, aliyense woima kumanja ndimamukalipira mpaka amati Tomasi wapenga. A Amidu ndikuganiza kuti akudziwa. Atabwerako kumzikiti tsiku lija anatola lamba wodukayo, anaona dzimbiri mkati mwa mng'alu, kusonyeza kuti unali wakale, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kumupachika pamsomali pamwamba pa benchi langa. Alipobe pomwepo.

Ndiye amayi, ndamanga mfundo. Lachisanu ndikaweruka ndimutsitsa lamba ameneyu, ndimumangirira pakaliyala wa njinga. Loweruka mwana asanatuluke ndikamuika pansi pamaso pa atsibweni ndi achimwene, ndikawaonetsa dzimbiri, ndikanena kuti ndinamva koma sindinazimitse. Ndikuopa, sindikubisirani. Mwina achimwene sadzanditchulanso m'bale wawo, ndipo adzakhala akulondola. Koma inu munkati munthu asapachike katundu wake pamutu pa amene sangayankhe, ndipo ine ndapachika wanga pa inu.

Za mphasa ija mundikhululukire. Ndagula yatsopano ya bango labwino, ndipo ndi imene adzayale potulutsa mwanayo. Dzina lanu limveka pabwalo Loweruka, mokweza, ndakulonjezani.

Koma zala za achimwenezo, poti zili kwa inu, musamazifinye. Muzingozipemerera monga munkachitira kale.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tomasi