Khungwa la mtengo wa atate

Lachinayi, mwezi wa Outubro, ku Moatize. Kwatentha, fumbi la malasha mpaka m'mano.

Lero ndinapita ndi mwana wanga Zeka kuchipatala. Miyendo yake ikunka nifooka, moti podzuka pansi amachita kugwira maondo ngati nkhalamba. Ndinamuveka buluku lalitali kuti ndibise mphini zomwe ndinamutema, koma adotolo anapinda buluku lija n'kuziona. Ndinadikira kukalipiridwa.

Iwo anangofunsa kuti, "Mayi, mumapakamo chiyani?"

Ndinamasula kakhungwa komwe ndimamanga pansonga ya kapulana, chitenje changa. Anakanunkhiza. Anati kuli anthu amene akufufuza mankhwala a matenda a minofu kuchokera ku zomera, koma sanafike poti n'kuchiritsa munthu. Mphini andiletsa, akuti zingadzetse zilonda. Masewera olimbitsa miyendo omwe anatiphunzitsa tizipitiriza. Kenako anati, "Khungwa lokha silitchula dzina. Mudzabwere ndi masamba ake, tidziwe chomwe chalowa m'thupi mwa mwanayu."

Ndinavomera msangamsanga ngati n'zapafupi.

Nzeru zandibwerera nditakwera kale shapa, minibasi yobwerera kunyumba. Mtengowo dzina lake sindilidziwa. Malemu atate ankangoti "uja wa kuseri kwa khola," ndipo ankakasenda okha. Ndaimbira achimwene ku Zóbuè, nawonso sakulidziwa. Kholalo linali kumudzi kwathu kwakale, tisanasamutsidwe. Pamalopo lero pali dzenje la mgodi, magalimoto akuluakulu akutsikiramo.

Zeka wandifunsa kuti tikathyola liti masambawo. Ndamuuza kuti ayambe wadya.

Kakhungwa komwe katsala n'kotalika ngati chala changa.