Shilingi ya Ababa Yandipeza ku Telford

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, kungoti mwana wanga Tadala chifuwa sichikumusiya ndi kuzizira kwa kunoku.

Lachiwiri masana ku wodi kwathu ndimasambitsa gogo wina wachizungu, mlimi wa nkhosa amene ku Africa sanapondeko. Dzanja lake lamanja linali lofumbata, ndipo manesi anzanga onse analephera kulifumbatula. Nditaligwira ine, anatambasula yekha. Munali shilingi yakale ya siliva, yochekedwa m'mphepete ndi mpeni.

Anandiyang'ana n'kunena m'Chichewa chathu cha ku Kasungu kuti, "Golide ndi wa eni mabanki, mwanangu. Siliva ndiye wa mlimi." Achimwene, mawu omwe aja ankanena malemu Ababa akabwerako ku okushoni fodya atagulidwa motchipa!

Ife sitiloledwa kulandira mphatso kwa odwala, ndiye atandipatsa ndinaiika m'kabati mwake n'kutseka ndekha. Gogoyo anamwalira shifiti isanathe. Pokwera basi ndinapisa m'thumba la yunifolomu kufuna khadi, n'kugwira shilingi ija, ikadali yofunda.

Chonde pitani kwa Amayi mukatsegule chitini chija Ababa ankasungamo shilingi yawo yochekedwa. Chifukwa chake musawauze, BP yawo mukuidziwa. Mukaipeza mundiimbire tsiku lomwelo. Mukapanda kuipeza musandiuze, mungopita kwa abusa akatipempherere.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esnati