Thabwa la Pangolo ya Atate

Lachinayi madzulo, Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima sukukhazikika.

Dziko lonse limve: ngolo ya malemu atate yabwerako ku Palabana itakonzedwa!

Mwezi uno ndakhala ndikuwerenga mbiri ya sitima yankhondo ya Angerezi, ija yakale yoyenda ndi mphepo. Itaola anaiphwasula n'kukhoma yatsopano, koma dzina anasiya lomwelo, ati ndi sitima yomweyo. Ndinawaseka mpaka misozi. Kenako ine wophunzirane ndinauza kalipentala kuti aike matabwa atsopano, achotse akale onse a ngolo, ngakhale lakutsogolo limene atate ankakhalapo poyendetsa ng'ombe.

Lero amayi aizungulira ngoloyo kawiri, akuisisita.

"Iyi ni ngolo ya ndani?"

"Ni yamene ija, amama. Ngakhale Angerezi sitima yao..."

"Angerezi ndiye atate ako? Thabwa la atate ako lili kuti?"

Ndamuimbira kalipentala. Akuti analiwaza nkhuni Lolemba. Amayi ndawanamiza kuti alibweretsa mawa, ndipo kuyambira pamenepo ndangokhala ndikulowa n'kutuluka m'nyumba.

Chimwalirire atate, amayi akawasowa ankapita kukakhala pathabwa lomwe lija. Ndinkawaona pawindo. Ndinkadziwa bwinobwino.